Kuseri kwa kamera kulinso malo: moyo wa Mayi Louise Dahl-Wolfe

Awa ndi mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu yathu Loweruka lapitali, pa tsiku lokambirana za luso. Tawalemba pano kuti inu amene munalephera kubwera, komanso anzathu otitsatira pa tsamba lino, musatsalire.

Zikomo a wapampando, zikomo akomiti, ndi inu nonse anyamata ndi atsikana amene mwabwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo chonchi. Mwandipatsa nthawi yochepa, ndiye ndisachedwe ndi malonje.

Ndiyambe ndi funso. Tatsegulani mafoni anu, muone zithunzi za pa ukwati kapena pa chinkhoswe chimene munapitako posachedwa. Pa zithunzipo pali ndani? Atsikana atatchena, zitenje zosokedwa bwino, tsitsi loluka usiku wonse. Nanga anajambula ndani? Kawirikawiri ndi mnyamata. Ngakhale muno m'kalabu, kamera ikangotuluka m'chikwama, atsikana mumathamangira kutsogolo kukaima, anyamata n'kuigwira. Palibe amene anakhazikitsa lamulo limeneli, tinangolipeza n'kumalitsata. Mwezi wamawa komiti isankha anthu oti aphunzire kugwiritsa ntchito kamera ya kalabu, ndipo pa mayina amene alembedwa mpaka lero, la mtsikana palibe ndi limodzi lomwe. N'chifukwa chake lero ndasankha kukuuzani za mayi wina wa ku America amene anaima kuseri kwa kamera, nasintha mmene dziko limajambulira zovala.

Dzina lawo ndi Louise Dahl-Wolfe. Ambiri simunalimvepo, ndipo sindikudabwa, paja dzina la wojambula amalilemba ndi timalemba ting'onoting'ono m'mphepete mwa tsamba. Mayiwa anagwira ntchito ku magazini ya fashoni yotchedwa Harper's Bazaar ku New York zaka 22, kuyambira 1936 mpaka 1958. Zithunzi zawo zinakhala pachikuto cha magaziniyo ka 86. Masamba amitundu amene anajambula m'kati mwake ndi pafupifupi 600, ndipo zithunzi zakuda ndi zoyera zili m'masauzande. Nthawi imeneyo mayina otchuka pa ntchitoyi anali a abambo, monga Edward Steichen, George Hoyningen-Huene, Horst ndi Cecil Beaton. Mayi Louise analowa pakati pa akuluakulu amenewa, ndipo sanalowe ngati wonyamulira munthu chikwama.

Anabadwa pa 19 November 1895 ku San Francisco, m'chigawo cha California. Makolo awo anali ochokera ku Norway, ndipo iwo anali mzime pa ana aakazi atatu. Mu 1914 analowa sukulu ya zaluso ya California School of Fine Arts, kumene anakhalako zaka 6. Kumeneko sankaphunzira kamera ayi. Ankaphunzira kujambula pamanja, kaimidwe ka thupi la munthu, mbiri ya zaluso, ndiponso mmene mitundu imagwirizanirana kapena kulimbanirana ikayandikana. Mphunzitsi wawo wa za mitundu anali Rudolph Schaeffer. Mfundo imeneyi muigwire, tiipezanso kutsogoloku. Atamaliza sukulu anagwira ntchito yolemba mapulani a zikwangwani zoyaka ndi magetsi, kenako yokongoletsa m'nyumba za anthu. Mukanawaona masiku amenewo, simukanaganiza kuti muli wojambula wamkulu mwa iwo.

Kamera inawapeza mu 1921, ali ndi zaka za m'ma 25. Anakumana ndi mayi wina wojambula, Anne Brigman, amene ankajambula anthu pakati pa mitengo ndi miyala m'mapiri a Sierra Nevada. Ataona zithunzi za mayiyo, mtima unawagunda, nayamba kuyesa okha. Taonani apa abale: amene anawatsegula maso anali mayi mnzawo wogwira kale ntchitoyo. Munthu savutika kulakalaka chinthu chimene waona wofanana naye akuchichita.

Tsono inu obadwira m'mafoni, ndikufotokozereni pang'ono mmene zinkakhalira. Kalelo ukajambula, chithunzi sunkachiona pompo. Chinkakhala pa filimu, ndipo filimuyo unkakaitsuka ndi mankhwala m'chipinda chamdima. Ikauma, unkaiika m'makina okulitsira, amene amawalitsa nyale kudutsa pa filimuyo kuti chithunzi chigwere papepala. Makina amenewo anali odula. Mayi Louise anapanga awoawo: anatenga chitini, bokosi lamatabwa lonyamulira maapozi, ndi chidutswa cha bokosi la chokoleti choti chizibweza kuwala. Basi, ntchito n'kuyambika. Ndiye wina muno akadzandiuza kuti sangayambe chifukwa foni yake ndi yotchipa, ine ndidzamukumbutsa za chitini chimenechi.

Mu 1927 ndi 1928 anayenda ulendo wautali ku Ulaya ndi kumpoto kwa Africa pamodzi ndi mnzawo wojambula, Consuelo Kanaga. Ku Tunisia anakumana ndi bambo wina wa ku Tennessee, waluso losema ndi kujambula pamanja, dzina lake Meyer Wolfe, ndipo anakwatirana mu 1928. Dzina loti Dahl-Wolfe linachokera pamenepo: sanataye la kwawo, anangolumikiza awiriwo. Bambo Wolfe ndi amene pambuyo pake ankawapangira zambiri zoika kumbuyo kwa anthu ojambulidwa mu situdiyo. Anyamata mwamva? Mwamuna kuthandiza ntchito ya mkazi wake, dzina lomveka n'kukhala la mkaziyo, ndipo banja linakhala mpaka bambowo anamwalira mu 1985.

Chuma cha America chitagwa mu 1929, anthu ambiri anasauka koopsa. Mu 1932 banjali linakakhala kumapiri a Great Smoky ku Tennessee, m'kanyumba kamatabwa kopanda magetsi. Mayi Louise ankatenga mphamvu ku batire la galimoto kuti agwire ntchito m'chipinda chawo chamdima. Kumeneko ankajambula anthu oyandikana nawo, alimi osauka a kumapiri. Chimodzi mwa zithunzizo ndi cha mayi wachikulire, Mayi Ramsey, atavala chipewa, nkhope yamakwinya, ali phee. Magazini ya Vanity Fair inachisindikiza mu November 1933, n'kuchitcha Tennessee Mountain Woman. Chimenechi ndiye chithunzi chawo choyamba kutuluka m'magazini, ndipo mwezi umenewo anakwanitsa zaka 38. Kuwerenga kuchokera 1921, ndi zaka 12 akujambula popanda wowatchula. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chaka chomwecho anatsegula situdiyo ku New York. Ankajambula zimene zapezeka: zakudya za m'magazini a amayi, zovala za masitolo akuluakulu monga Saks Fifth Avenue ndi Bonwit Teller. Ntchito zooneka zazing'onozi ndi zimene zinawaphunzitsa kuti nsalu iliyonse ili ndi khalidwe lake pa kuwala. Silika amanyezimira, ubweya umameza kuwala, thonje limaonetsa makwinya onse. Mu 1936, ali ndi zaka 40, mkonzi wamkulu wa Harper's Bazaar, Mayi Carmel Snow, anawatenga.

Kuti mumvetse chimene anasintha, muyambe mwadziwa mmene zithunzi za fashoni zinkaonekera kale. Zambiri zinkajambulidwa m'nyumba, ndi nyale zazikulu zotentha. Wowonetsa zovala, amene timati modelo, ankaima chilili ngati chosema, khosi lili neng'a, osapuma n'komwe. Chithunzi chinkatuluka chokongola ndithu, koma mayi wamba akachiona sankadziona yekha m'chovalacho. Kunena chilungamo, Mayi Louise sanali oyamba kutulutsa modelo pabwalo. Mu 1933 Martin Munkácsi anali atajambula kale mtsikana akuthamanga m'mbali mwa nyanja, ndipo mayi wina, Toni Frissell, ankajambulanso panja ku magazini ya Vogue. Chimene Mayi Louise anachita n'kuphatikiza zinthu zitatu zimene zinali zovuta kuziphatikiza: kuwala kwa dzuwa, malo enieni, ndi mitundu. Ndipo anazichita mwezi ndi mwezi kwa zaka zoposa 20, mpaka zinasanduka chizolowezi cha ntchito yonse.

Ankanyamula mamodelo, masutikesi a zovala ndi makamera olemera kupita kuchipululu cha Arizona, ku Mexico, ku Cuba, ku South America, ku Spain, mpaka kubwerera ku Tunisia kumene mu 1950 anajambula zovala pakati pa makoma oyera a mzinda wa Kairouan. Akazi a m'zithunzi zawo amaoneka ngati anthu amene ali ndi kopita. Wina wakhala pamchenga akuwerenga, wina watsamira khoma akuganiza zake, wina wangovuuka m'madzi. Malowo sankangowasankha chifukwa ndi okongola. Ankayang'ana mtundu wa khoma, wa mchenga, wa thambo, n'kufunsa ngati ukukweza chovalacho kapena ukuchimeza.

Apa ndi pamene zaka 6 za kusukulu zija zinabweza phindu. Filimu yamitundu yotchedwa Kodachrome inatuluka mu 1935, ndipo inali yovuta kwabasi. Inkafuna kuwala kochuluka. Ukaphonya muyeso pang'ono pokha, chithunzi chinkada kapena kuyereratu, ndipo panalibe mokonzera. Sunkaitsuka wekha, inkapita ku kampani ya Kodak. Ndiye taganizani, uli kuchipululu, wawononga ndalama za kampani pa ulendo, zotsatira ukaziona patapita masiku. Ojambula ambiri amene anazolowera zakuda ndi zoyera ankaiopa. Mayi Louise ankaidziwa mitundu asanagwire n'komwe kamera. Ankadziwa kuti chofiira chikayandikana ndi chobiriwira chimakuwa, kuti mthunzi uli ndi mtundu wake, ndiponso kuti kuwala kwa m'mawa n'kosiyana ndi kwa madzulo pakhungu la munthu.

Ntchito sinkathera pojambula. Kuti chithunzi chamitundu chilowe m'magazini, osindikiza ankachigawa pa zitsulo zinayi, china cha inki yachikasu, china yofiirira, china yabuluu, china yakuda, n'kuzidinda mosanjikiza. Inki imodzi ikachuluka, nkhope ya munthu inkatuluka ngati wadwala chikasu. Mayi Louise ankadziwika kuti pa nkhani imeneyi sankanyengerera. Ankaunika mapepala oyeserera, n'kuwabweza kwa osindikiza mobwerezabwereza mpaka mtundu utafanana ndi umene anauona ndi maso. Ena ankawaona ngati ovuta. Koma pitani pa intaneti mukaone zikuto zawo, mudzaona kuti kuvutako kunali ndi chifukwa.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo iwonso sanali okha. Ku Harper's Bazaar kunali Mayi Carmel Snow, mkonzi wamkulu. Mayi Diana Vreeland, mkonzi wa za fashoni, amene ankasankha zovala ndi kuveka mamodelo. Ndi Alexey Brodovitch, woyala masamba. Pa anthu anayi amene ankapanga maonekedwe a magaziniyo, atatu anali amayi. Mayi Vreeland ndi Mayi Louise ankayenda limodzi maulendo ambiri. Ulendo wina ku Arizona modelo atadwala ndi kutentha, Mayi Vreeland anavala okha zovalazo n'kuima kutsogolo kwa kamera kuti ntchito isaime.

Kenako kunabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu June 1940 asilikali a Germany analanda Paris, mzinda umene dziko lonse linkaonerako fashoni. Masitolo ndi magazini a ku America anatsala opanda kotengera. Mu 1942 boma la America linaikanso lamulo lochepetsa nsalu yolowa pa chovala chimodzi, poti nsalu inkafunika kunkhondo. Apa ndi pamene okonza zovala a ku America komweko anapeza mpata. Mmodzi wa iwo anali Claire McCardell, amene ankasoka madiresi a thonje ndi a nsalu ya jinzi, okhala ndi matumba, oti mayi angathe kugwira nawo ntchito, kukwera njinga, n'kuwachapa yekha. Zovala zoterezi sizikanaoneka bwino pa munthu woima ngati chosema pansi pa nyale. Zinkafuna dzuwa, mphepo ndi munthu woyenda, ndipo kajambulidwe ka Mayi Louise kanali komweko. Telala ndi wojambula anakwezana, mpaka anthu anayamba kukhulupirira kuti chovala chosokedwa kwawo chingakhale fashoni osadikira chilolezo cha ku Paris. Inu amene mumasoka zitenje muno, mfundo imeneyi ndi yanu.

Chikuto chawo chotchuka kwambiri ndi cha March 1943. Pali mtsikana wa zaka 18, wovala suti, ataima pakhomo la ofesi ya Red Cross yoperekera magazi. Sakumwetulira. Ukamuyang'ana sudziwa ngati akulowa kukapereka magazi kapena akudikira uthenga wa munthu wake amene ali kunkhondo. Chithunzi cha zovala, koma chikunena zimene mabanja ambiri ankadutsamo chaka chimenecho. Mkazi wa Howard Hawks, wopanga mafilimu ku Hollywood, anachiona n'kuuza mwamuna wake kuti amufunefune mtsikanayo. Mu 1944 mtsikana uja anatuluka mu filimu ya To Have and Have Not pamodzi ndi Humphrey Bogart, ndipo dziko linamudziwa ndi dzina loti Lauren Bacall. Nkhondo itatha Mayi Louise ankapita ku Paris kukajambula zovala za Christian Dior ndi ena, komanso anajambula nkhope za anthu otchuka monga Orson Welles, Josephine Baker, Coco Chanel ndi mlembi wa ku France, Colette.

Koma nkhani imene ndikufuna mupite nayo kunyumba ndi ya bambo wina wa ku Nashville, William Edmondson. Bamboyu anali munthu wakuda, mwana wa makolo amene anakhalapo akapolo. Anagwira ntchito yosesa ndi kuthandiza pachipatala china mpaka chinatsekedwa mu 1931. Atatsala opanda ntchito, anayamba kusema miyala ya pamanda, angelo, nkhunda ndi nyama, pogwiritsa ntchito miyala yotayidwa ndi chitsulo cha njanji chimene anachisandutsa chosemera. Sanapite kusukulu ya zaluso. Mayi Louise atafika pakhomo pake anaona kuti ili ndi luso lenileni, ndipo anamujambula iye ndi ntchito zake. Anafuna kuti zithunzizo zituluke mu Harper's Bazaar, koma mwini magaziniyo, William Randolph Hearst, anakana chifukwa cha tsankho. Mayiwa sanaziponye m'kabati. Anazionetsa kwa akuluakulu a Museum of Modern Art ku New York, ndipo mu 1937 nyumba ya zaluso imeneyo inachita chionetsero cha ntchito za Edmondson yekha. Anali munthu wakuda woyamba kupatsidwa chionetsero chakechake kumeneko.

Nkhaniyi ili ndi mbali yowawa. Kutchukako sikunamulemeretse Edmondson. Anamwalira mu 1951, ndipo munthu amene anasemera anzake miyala ya pamanda, manda ake alibe mwala. Chithunzi sichithetsa umphawi, abale. Koma ntchito zake lero zili m'nyumba zosungira zaluso, ndipo nkhope yake ndi manja ake timazidziwa chifukwa munthu wina wogwira kamera anaona kuti n'zoyenera kusungidwa. Wogwira kamera ndi amene amasankha woti aonedwe. Mphamvu imeneyi ndi imene atsikana mukuisiyira anyamata mukamathamangira kutsogolo nthawi zonse.

Tisabise, magazini imene mayiwa ankagwirako ntchito inali ya azungu, yojambula azungu. Pa zikuto 86 zija simupezapo nkhope yofanana ndi yanu kapena yanga. Mkazi wakuda woyamba pachikuto cha Harper's Bazaar anali Donyale Luna mu January 1965, ndipo chinali chojambula pamanja. Ku Vogue ya ku America zinatheka mu August 1974 ndi Beverly Johnson. Ngakhale filimu yamitundu imene, kwa zaka zambiri otsuka zithunzi ankayezera makina awo pa kakhadi ka kampani ya Kodak kokhala ndi nkhope ya mzungu, mwakuti khungu lakuda linkatuluka lopanda tsatanetsatane. Ndiye tikamawayamikira Mayi Louise, tiziwayamikira tikudziwa kuti chitseko anachitsegula mbali imodzi, mbali inayo inatsala.

Anachoka ku Harper's Bazaar mu 1958. Mayi Snow ndi Brodovitch anali atachoka, kwabwera atsopano. Iwo eni anafotokoza kuti woyala masamba watsopano anabwera mu situdiyo n'kusuzumira m'kamera mwawo kuti aone chimene akujambula, chinthu chimene sichinachitikepo zaka zonsezo, ndipo chidwi cha ntchito chinawathera pomwepo. Wina anganene kuti kumeneko n'kunyada. Ine ndimaona munthu wodziwa mtengo wa diso lake. Anagwirako pang'ono ku Vogue ndi ku Sports Illustrated, napuma mu 1960. Mu 1984 anatulutsa buku la moyo wawo, A Photographer's Scrapbook. Anamwalira pa 11 December 1989 ku New Jersey ali ndi zaka 94.

Anasiya chiyani? Richard Avedon, amene anayamba ku Harper's Bazaar ali mnyamata m'zaka za m'ma 1940 n'kudzakhala wojambula wotchuka dziko lonse, ankanena kuti mayiwa ndiwo anali muyeso umene onse ankadziyezerapo. Mafilimu ndi mapepala awo akusungidwa ku Center for Creative Photography ku yunivesite ya Arizona, ndipo mu 2017 nyumba ya Fashion and Textile Museum ku London inachita chionetsero cha ntchito zawo. Koma cholowa chachikulu chili m'manja mwanumo. Nthawi iliyonse mukatengana kupita kumunda wa maluwa, kunyanja kapena pakhoma la njerwa kukajambulitsa diresi latsopano, mukuchita chinthu chimene kale chinali chachilendo, chimene mayiwa ndi anzawo ochepa anachizoloweretsa dziko.

Musaganizenso kuti amayi oterewa anali ku America kokha. Ku Ghana kunali Mayi Felicia Abban, amene anaphunzira kujambula kwa bambo awo, natsegula situdiyo yawoyawo ku Jamestown mumzinda wa Accra m'zaka za m'ma 1950. Ankajambula mtsogoleri wa dzikolo, Kwame Nkrumah, ndipo ankakonda kudzijambula okha atatchena asanapite kumwambo. Zithunzi zimenezo zinakaonetsedwa ku Venice mu 2019. Chaka chomwecho, mu January, Nadine Ijewere, wobadwira ku London kwa makolo ochokera ku Nigeria ndi Jamaica, anakhala mkazi wakuda woyamba kujambula chikuto cha Vogue. Tawerengani nokha zaka kuchokera 1936 kufika 2019. Ndi 83. Mzerewu ukuyenda pang'onopang'ono, ndipo malo akadalipo.

Tsono ndisakusiyeni ndi mbiri yokhayokha. Zina mwa zimene mayiwa ankachita mungathe kuziyamba mawa ndi foni imene muli nayoyo. Choyamba ndi nthawi. Dzuwa la masana likakhala paliwombo, limaika mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, munthu n'kumaoneka wotopa. Jambulani m'mawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo likamapendeka. Mukakakamizika kujambula masana, muimikeni munthuyo pakhonde kapena pakhomo, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala. Pansi pa mtengo wa mango samalani, masamba amadontheza timadontho ta dzuwa pankhope. Mbali imodzi ya nkhope ikada, mnzanu agwire pepala lalikulu loyera kapena nsalu yoyera mbali imeneyo kuti ibweze kuwala. Ndi nzeru yomwe ija ya bokosi la chokoleti.

Chachiwiri ndi kumbuyo. Chitenje cha maluwa ambiri chimafuna khoma losalala la mtundu umodzi, apo ayi chovala ndi khoma zimalimbana ndipo diso limasowa pogwira. Musanadine, yang'anani m'makona onse anayi: mulibe ndowa, chingwe choyanikira, kapena mtengo wooneka ngati wamera pamutu pa munthu? Munthu wakhungu lakuda akavala zoyera, foni imakonda kuyezera kuwala pa chovalacho, nkhope n'kuda. Dinani pankhope pa sikirini kuti iyezere pamenepo. Ndipo musamuuze munthu kuti aime ngati msilikali. Mpatseni chochita, ayende, akhale pansi, akonze duku, mucheze naye mpaka aiwale kamera.

Chachitatu ndi ulemu ndi ndalama. Musaike chithunzi cha munthu pa Facebook kapena pa WhatsApp musanamupemphe. Mukaika, tchulani telala amene anasoka, tchulani wojambulidwa ngati wavomera, ndipo dzina lanu lisasowe. Matelala ambiri masiku ano amapeza makasitomala kudzera pa zithunzi, ndipo chovala chosokedwa bwino chikajambulidwa moipa sichigulidwa. Pamenepo pali ntchito ya wina wa inu. Gwirizanani mtengo musanayambe. Sungani zithunzi zanu zoyambirira pamalo awiri, chifukwa WhatsApp imazichepetsa mukazitumiza mwachizolowezi, ndipo foni imatayika. Za Mayi Louise tikuzikamba lero chifukwa zinasungidwa.

A wapampando akundiyang'ana, ndiye ndimalize ndi ntchito ya kunyumba. Sabata ino mukhale awiriawiri. Aliyense amujambule mnzake atavala chovala chimodzi, pamalo amodzi, katatu: m'mawa, masana ndi madzulo. Kenako musinthane, wojambulidwa agwire foni. Osasintha mitundu ndi mafyuluta, tikufuna tione zimene dzuwa lachita. Loweruka likubwerali tidzaziika pamodzi n'kukambirana kuti chabwino ndi chiti ndipo chifukwa chiyani. Amene mulibe foni ya kamera muonane ndi alembi, akupezerani mnzanu woti mugwirizane naye.

Pepala lolembetsa maphunziro a kamera lili ndi alembi omwewo, ndipo litsekedwa pakutha pa mwezi uno. Achemwali, cholembera chili patebulopo.